Mphika wa Magetsi Wophika ndi Nthunzi

 Lero ndikamba za mphika wina umene wayamba kufika m'midzi momwe mwalowa magetsi. Ena augula okha atagulitsa mbeu, ena awatumizira ana ao a ku tauni. Dzina lache pa Chingerezi ndi pressure cooker.

Nzeru yache si yatsopano ai. Mfalansa wina, Denis Papin, anapanga mphika wotere m'chaka cha 1679. Mumphika wamba madzi awira pa madigiri 100 kapena kucheperako, ndipo nthunzi ithawa. Mu uwu chivundikiro chitseka zolimba, nthunzi isowa potulukira, ndipo kutentha kukwera kupitirira madigiri 110. Chifukwa chache nyemba zimene zitha mtolo wa nkhuni zipsa ora limodzi lisanakwane. Koma nthunzi yomweyo ikhoza kusupula munthu khungu.

Tsono tamverani. Musadzaze mphika. Ndiwo ndi madzi zisapitirire magawo awiri mwa atatu, ndipo ngati muphika nyemba, nandolo kapena khobwe, lekezani pakati. Mbeu zimenezi zifufuma ndi kuchita thobvu, ndipo thobvulo litseka kabowo kotulukira nthunzi. Ndidziwa kuti pa maliro kapena pa ukwati amai afuna kuphika zambiri nthawi imodzi. Phikani kawiri. Phala ndi nsima zisiyeni pa moto wa masiku onse. Ndiponso musayatse mphika wopanda madzi.

Musanaphike, yang'anani kabowo kaja ngati nkoyera, ndi mphira wa m'chivundikiro ngati sanang'ambike. Akatha, gulani wina. Musamange ndi nsanza kapena ndi mphira wa njinga.

Ngozi yaikulu ili pa kutsegula. Pa chivundikiro pali kachitsulo kamene kakwera nthunzi ikachuluka. Kakali m'mwamba, musakakamize chivundikiro, ngakhale alendo ali ndi njala. Magetsi akazima mwadzidzidzi, musayese kuti mphika wazizira. Nthunzi ikali momwemo. Dikirani kachitsuloko katsike kokha. Mukafuna kutulutsa nthunzi msanga, kankhani chotsegulira chache ndi mpini wa chipande, nkhope muli kumbali, ndipo ana akhale kutali. Povundukula, pendeketsani chivundikiro kuti nthunzi yotsala ipite uko, osati kwa inu.

Mphika uwu ukoka magetsi ambiri, kuposa wailesi ndi nyali. Waya wowonda wolumikiza-lumikiza atentha, ndipo m'nyumba ya udzu mudziwa nokha chotsatira. Potsuka, zulani waya poyamba. Mphika wa m'kati tsukani monga mbale, koma thupi lache la kunja musalibvike m'madzi. Pukutani ndi nsalu basi.

Inu anyakwawa, mukasonkhanitsa anthu pa bwalo, muwauze mau awa, makamaka atsikana amene atsala ndi mphika amai ao akapita kumunda. Munthu akapsa, thirani madzi ozizira pa balalo mphindi 20, musapake mafuta kapena mazira, ndipo mupite naye kuchipatala.

Tsalani bwino.