Miyezi 13 pa Mtunda: M'mene Joshua Slocum Adakonzera Ngalawa Yake

Joshua Slocum amadziwika kuti ndiye munthu woyamba kuzungulira dziko lonse lapansi ali yekhayekha m'ngalawa ya matanga. Adanyamuka ku Boston, m'dziko la Amereka, pa 24 April 1895, nabwerera ku Newport pa 27 June 1898, atayenda mamailosi oposa 46,000. Nkhani ya lero ikhala pa miyezi 13 imene iye adatha ali pa mtunda, nkhwangwa ndi kasemasema zili m'manja, pakuti ulendo wa zaka zitatuwo udatheka chifukwa cha ntchito ya miyezi imeneyo.

Slocum adabadwira ku Nova Scotia m'chaka cha 1844, ndipo adakulira pa madzi. Pofika 1892 anali kaputeni wopanda chombo, popeza sitima zoyendera nthunzi zinali zitalanda ntchito ya zombo za matanga. Mnzake wina, Kaputeni Eben Pierce, adamlonjeza ngalawa, namuuza kuti ikufunika kukonza. Atapita ku Fairhaven kukaiona, adapeza chiphakasa chakalekale chotchedwa Spray, chili m'munda kutali ndi madzi. Anthu a pamalopo adayesa kuti wadza kudzachiphwasula.

Iye adayambira pa msana wa ngalawa, mtengo uja umene umayala pansi kuchokera kumutu mpaka kumchira. Adagwetsa yekha mtengo wa oki, umene uli wolimba ndi wosafumbwa msanga, nausema. Nthiti adazipanga ndi mitengo yaing'ono ya oki womwewo. Kuti aipinde popanda kuthyoka, adakhoma bokosi lalitali nalowetsamo nthunzi yochokera mumphika wa madzi owira. Mtengo ukakhala mu nthunzi umafewa ndipo umalola kupindika. Ukazizira umasunga maonekedwe atsopanowo. Motero ankachotsa nthiti yakale naikapo yatsopano, mpaka ngalawa yonse idasanduka yatsopano, kungotsala dzina ndi kaumbidwe kake. Pa nthitizo adakhomerapo matabwa a paini wa ku Georgia, ochindikala inchi imodzi ndi theka, ndipo pamene matabwa awiri akumana adamangapo ndi mabawuti opyoza mbali zonse.

Ntchito imene omvera a m'mbali mwa nyanja ya Malawi angaizindikire msanga ndiyo yotseka mipata. Matabwa a ngalawa, ngakhale mmisiri awapale motani, amasiya kampata pakati pao, ndipo kampatako ndi kofunika, chifukwa thabwa likamwa madzi limafufuma. Slocum adakhomera m'mipatamo ulusi wa zingwe zakale zomasula pamodzi ndi thonje, namata pamwamba. Apa mpamene pamaoneka luso la mmisiri. Akakhomera pang'ono, ngalawa imachucha. Akakhomera mopitirira, matabwa pofufuma amakankhana mpaka kuzula misomali kapena kung'alula nthiti.

Atatha izi adapaka pansi pa ngalawa penti wa mkuwa kawiri, ndipo m'mbali, pamwamba pa madzi, penti woyera wa mtovu kawirinso. Penti wa mtovuyo masiku ano ndi woletsedwa m'maiko ambiri, pakuti adadziwika kuti ndi poizoni, makamaka kwa ana ndi kwa munthu amene akupala penti wakale namapuma fumbi lake. Koma wa mkuwa ukugwirabe ntchito, ndipo chifukwa chake nchachikulu. M'nyanja za mchere muli kachilombo kotchedwa teredo, kooneka ngati nyongolotsi ngakhale kali m'gulu la nkhono. Kamalowa m'thabwa kadakali kakang'ono, pa kabowo kosaoneka bwino ndi maso, nkumadya m'kati monga amachitira chiswe ndi mzati wa nyumba: kunja kuli bwinobwino, m'kati muli mphako zokhazokha. Mkuwa umakapitikitsa. Asodzi a pa nyanja ya Malawi alibe vuto limeneli chifukwa madzi ao alibe mchere.

Komabe madzi opanda mchere ali ndi choipa chao. Thabwa limaola pamene madzi a mvula alowa pa mng'alu nakhala malo opanda mphepo, pansi pa denga la ngalawa, m'makona, kapena patsinde pa mlongoti. Nchifukwa chake mmisiri wokonzekera ulendo wautali amayendera ngalawa yonse ndi nsonga ya mpeni, kubaya apa ndi apo. Pamene mpeni walowa mosavuta, thabwalo liyenera kuchoka, ndipo kulipaka penti ndi kudzinamiza chabe.

Matabwa a pamwamba amene mwini afuna kuti maonekedwe a mtengo aziwala amapakidwa vanishi, ndipo ntchito imeneyi imayesa mtima wa munthu. Vanishi wakale wosweka amayamba wapalidwa yense mpaka mtengo uonekere. Kenaka amakwecha ndi sandipepala motsata mizere ya thabwa, pakuti kukwecha mopingasa kumasiya zipsera zimene vanishi amazionetsa poyera. Thabwa liyenera kuuma ndithu. Kupaka koyamba amasungunula vanishi kuti alowerere m'kati, ndipo pambuyo pake amapaka mobwereza kangapo, kudikira kuti aume ndi kukwecha pang'ono asanapakenso. Waphuma amene amapaka mochindikala kamodzi kokha amapeza vanishi atachita makwinya, pamwamba pouma koma pansi pali phalaphala. Dzuwa ndilo limaononga vanishi, kotero wa nzeru amaonjezera kupaka kusweka kusanayambe.

Spray italowa m'madzi inali yaitali mafiti 36 ndi mainchi 9, ndipo m'lifupi mafiti 14 ndi mainchi awiri. Zipangizo zonse zidamdyera madola 553 ndi masenti 62. Ntchitoyo idayesedwa pa ulendo. Ku Devonport, pa chilumba cha Tasmania, m'chaka cha 1897, ngalawa idakokeredwa pa mtunda ndipo adaipeza yopanda teredo ngakhale mmodzi. Komabe Slocum adapakanso penti wa mkuwa asanalowe m'nyanja zotentha. Ku zilumba za Cocos Keeling mutu wa ngalawa udagunda mwala wa korali, mwalawo nusweka, mtengo wa oki uja osaonongeka. Idafika ku Durban ndi ku Cape Town, niwoloka nyanja ya Atlantic kubwerera kwao.

M'zaka zotsatira Slocum adayendabe ndi Spray, koma amene adaiona masiku omalizawo adanena kuti inali itatha, ndiponso kuti mwini wake sankaisamala monga kale. Patapita zaka zoposa khumi chibwerereni, adanyamuka yekha ku Martha's Vineyard kulinga kumwera, ndipo iye ndi ngalawa yake sadaonekenso. Khoti lidalengeza m'chaka cha 1924 kuti adamwalira.