Mana a Dzulo: Pamene Katundu Walanda Nyumba

Lero tilingalire za matenda amene ambiri sawatcha matenda: kuunjika katundu m'nyumba ndi kulephera kutaya kanthu.

Mumzinda wa Durban muli dera lotchedwa Morningside, kumene kuli msewu wa Florida Road ndi paki ya Mitchell Park. Amalawi ambiri mumzindawu amagwira ntchito m'nyumba za anthu: kukonza, kusamala maluwa, kuyang'anira okalamba. Wantchito amaona zimene wodutsa mumsewu saona. Kapena ena mwa inu mwalowapo m'nyumba ya mpanda wokongola, nkupeza nyuzipepala zafika kudenga, mabotolo atseka bafa, mwini nyumba akugona pampando chifukwa bedi linakwiririka kalekale. Musaganize kuti awa ndi matenda a olemera okha. Amalowanso m'kachipinda ka lendi, ngakhale m'nyumba yaudzu kumudzi.

Tisiyanitse bwino. M'bale amene wasunga makatoni a zovala ndi mabulangete podikira galimoto yopita kumudzi sakudwala. Yosefe anasunga tirigu zaka 7 ku Ejipito, ndipo anapulumutsa mitundu ya anthu, pakuti nkhokwe yake inali ndi tsiku lotsegulira. Matenda timawazindikira ndi zinthu zitatu. Choyamba, munthu amalephera kutaya zinthu ngakhale zopanda ntchito. Chachiwiri, akangoganiza zotaya, mtima umamuwawa ngati wafedwa. Chachitatu, nyumba imasiya kugwira ntchito yake: pophikira sipaphikika, pogona sipagoneka, ndipo khomo silitsegukira mlendo.

M'chaka cha 2013, bungwe la madokotala a matenda a maganizo ku America linalemba vutoli monga matenda apaokha, ndipo bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linawaika pa mndandanda wake umene unayamba kugwira ntchito mu 2022. Akatswiri amati anthu 2 kapena 3 mwa anthu 100 alionse ali nawo. Kawirikawiri amayamba munthu ali wa zaka 11 mpaka 15, nakula pamodzi ndi mwini wake, kotero kuti amaonekera kwambiri paukalamba.

Kodi akhoza kupha? Inde. Mu 1947, mumzinda wa New York, munthu ndi mphwake, Homer ndi Langley Collyer, anapezeka atafa m'nyumba mwawo. Langley anaphwanyidwa ndi mulu wa katundu umene iye mwini anatchera ngati msampha wa akuba, ndipo Homer, amene anali wosaona ndi wodalira mphwakeyo, anafa wopanda womupatsa chakudya. M'nyumbamo anatulutsamo katundu woposa matani 100. Ku Durban, kumene kumatentha ndi kuchita chinyontho, mulu wotere umaitana nkhungu, mphemvu ndi makoswe, ndipo moto ukabuka, pothawira sipapezeka.

Nanga muzu wake n'chiyani? Si ulesi, si ufiti, ndipo nthawi zambiri si umbombo. Matendawa amayenda m'magazi m'mabanja ena. Wodwala amavutika kusankha, amaopa kulakwitsa, ndipo mtima wake umamatirira pa zinthu monga umamatirira pa anthu. Pafupifupi 3 mwa odwala 4 alionse amavutikanso ndi nkhawa kapena kukhumudwa kwakukulu. Imfa ya wokondedwa, kutha kwa banja ndi kutaya katundu mwadzidzidzi zikhoza kukulitsa vutoli. Taganizani za munthu amene anathawa zipolowe za ku Durban mu 2015 ali chimanjamanja, kapena amene madzi osefukira a mu Epulo 2022, amene anapha anthu oposa 400, anamukokolera zonse. Dzanja limene linalandidwa kamodzi limawopa kufumbatuka.

Mulungu amawadziwa mantha amenewa. Mu Eksodo chaputala 16 timawerenga za anthu ongotuluka kumene mu ukapolo, odziwa njala. Anawapatsa mana m'mawa uliwonse, nawalangiza kutola okwanira tsiku limodzi. Ena anabisako poopa mawa, ndipo kutacha anapeza achita mphutsi ndi kununkha. Koma taonani chimene Mulungu anachita: sanawamane chakudya. M'mawa mwake mana anagwanso, ndipo anapitiriza kugwa zaka 40. Anawaphunzitsa kukhulupirira mwa kubwereza, tsiku ndi tsiku.

Chithandizo cha matendawa chimayenda momwemonso. Randy Frost ndi Gail Steketee, akatswiri a ku America, anakonza njira ya uphungu imene wodwala amaphunzira kusintha maganizo ndi zochita zake. Amayamba ndi kanthu kakang'ono, monga lisiti lakale. Amakataya ndi dzanja lake, nakhala pansi kuona kuti mantha amakwera, kenaka amatsika okha. Amaphunziranso kudutsa pamsika osagula, kudutsa pa dzala osatola. Dokotala akhoza kupereka mankhwala a nkhawa ngati akufunika. Njirayi imatenga miyezi, ndipo ambiri amapeza bwino ngakhale kuti vuto silitheratu. Akuluakulu anati pang'onopang'ono ndi mtolo. Mulu unabwera chotero, ndipo udzachoka chotero.

Choncho, inu ana ndi adzukulu, musabwere ndi lole gogo ali kutchalitchi. Nyumba yokonzedwa mokakamiza imadzazanso, ndipo chikhulupiriro chimene anali nacho pa inu chimatayidwa pamodzi ndi makatoniwo. Yambani ndi chitetezo: khomo litseguke, pafupi ndi mbaula pasakhale mapepala, njira yopita kuchimbudzi ioneke. Inu wantchito, musataye katundu wa abwana mobisa. Fotokozerani achibale awo mwaulemu. Inu a mpingo, musadzudzule munthu wotere pagulu. Tumani anthu awiri odekha, amene angakhale naye ola limodzi pa sabata, iye akusankha, iwo akunyamula.

Thandizo liripo. Ku South Africa pitani ku kiliniki kapena funsani bungwe la SADAG, limene lakhala likuthandiza anthu kuyambira 1994. Ku Malawi kuli chipatala cha matenda a maganizo ku Zomba ndi cha St John of God ku Mzuzu. Ku Lusaka kuli Chainama. Kupita kwa dokotala sikusowa chikhulupiriro.

Ndipo inu amene mwatseka makatani chifukwa cha manyazi, dziwani kuti Ambuye Yesu sachita nyansi ndi nyumba yanu. Muitaneni lero, ndipo muitanenso munthu mmodzi amene mumamukhulupirira.

Tiyeni tipemphere. Atate wathu wakumwamba, Inu amene mumadyetsa ana anu m'mawa uliwonse, fumbatulani manja amene mantha anawamanga. Patsani achibale kudekha, patsani madokotala nzeru, ndipo bwezerani odwala malo ogona ndi khomo lolandirira alendo. M'dzina la Yesu Khristu, Amen.