CHIPHASO CHA UNZIKA NDI CHA MWINI WAKE

Mau oyankhulidwa kwa anthu okhala mu mzinda wa Mzuzu



Dzuwa silituluka ndi kulowa mu Mzuzu popanda munthu kufunsidwa kuti aonetse chiphaso chake. Mai wa ku Chibavi akafika pa banki amafunsidwa. Mnyamata wa ku Mchengautuwa akafuna nambala yatsopano ya foni amafunsidwa. Wamalonda wokwera basi yopita ku Karonga amadziwa kuti pa chipata cha apolisi akhoza kufunsidwanso. Achinyamata amangopisa m'thumba natulutsa chiphasocho mosaganiza kanthu, koma achikulire ambiri akamva mau akuti "tione chitupa" nkhope zao zimagwa. Pali chifukwa chake, ndipo ndi bwino kuti chifukwacho chinenedwe poyera, kuti aliyense aone pamene pasiyana mapepala akale ndi chiphaso cha unzika cha masiku ano. Mapepala akale mwini wake anali munthu wofunsayo. Chiphaso cha lero mwini wake ndi amene wachinyamula.

M'nthawi ya atsamunda, pepala loyamba limene munthu wamba analidziwa linali la msonkho wa nyumba. Pepalalo silinali lonena kuti munthuyo ndani; linkangosonyeza kuti walipira. Wopezeka wopanda pepalalo ankathawira kutchire, ndipo m'madera ena nyumba zinkatenthedwa, akazi nagwidwa kufikira amuna ao atabwera ndi ndalama. Msonkho womwewo ndiwo unatulutsa amuna ambiri a ku Nkhata Bay, ku Mzimba ndi ku Rumphi m'midzi mwao, nayenda pansi masabata ambiri kukafuna ntchito ku Salisbury, ku Wankie ndi ku Johannesburg. Kumeneko anakapezako pepala lina lowawa koposa, ndilo chitupa kapena pasi. Pasi linkanena kumene munthu wakuda angagone, kwa amene angagwire ntchito, ndi nthawi imene ayenera kuchoka m'tauni. Amene anapita kudzera ku Wenela ankadindidwa zala napatsidwa nambala, ndipo ku mgodi ankadziwika ndi nambalayo kuposa dzina limene makolo ao anawapatsa.

Clements Kadalie, mwana wa ku Chifira pafupi ndi Bandawe, anaziona zimenezi ndi maso ake, ndipo bungwe la antchito limene analiyambitsa ku Cape Town m'chaka cha 1919 linkatsutsa malamulo a mapasi. Pa 21 March 1960 apolisi a ku South Africa anaombera ndi kupha anthu 69 ku Sharpeville, mlandu wao uli wokana kunyamula mapasi. Malamulo amenewa sanathe kufikira m'chaka cha 1986. Tsono gogo wa ku Chiputula amene anadya unyamata wake ku migodi akamanyinyirika pofunsidwa chiphaso, asamayesedwe wamwano. Akukumbukira zimene anaziona.

Ndipo si atsamunda okha amene anapatsa anthu mantha ndi pepala. M'zaka za chipani chimodzi, kuyambira 1966, panali khadi la chipani. Anyamata ankaima pa khomo la msika, pa depoti ya basi, ngakhale pa chipatala, ndipo wopanda khadi ankabwezedwa kufikira atagula. Panali amai oyembekezera amene anagulitsidwa makhadi awiri, lina la mwana amene anali asanabadwe. Khadi limenelo silinali kunena kuti munthu ndi Mmalawi. Linkangosonyeza kuti wapereka ndalama ndipo wagonja. Amalawi anakana mchitidwe umenewu pamodzi ndi zina zambiri pa riferendamu ya pa 14 June 1993. Chipani chilichonse chimene chapatsidwa boma chiyenera kusunga phunziro limeneli: munthu amalowa chipani mwa kufuna kwake, koma unzika amabadwa nao, ndipo palibe chipani chimene chingaupereke kapena kuuchotsa.

Khadi litatha, dziko linakhala zaka zoposa makumi awiri lopanda chiphaso chimodzi cha anthu onse. Ena anayesa kuti umenewo ndiwo ufulu, koma wovutika anali munthu wosauka. Bwana anali ndi pasipoti ndi laisensi ya galimoto. Mlimi wa khofi kapena mai wogulitsa nthochi analibe kanthu, koma chiphaso chovotera ngati anachisunga, apo ai kalata ya amfumu. Pofuna kutsekula buku ku banki, kapena kulandira ndalama zimene mwana watumiza kuchokera ku Joni, ankayamba wasakasaka mboni. M'maofesi munkalipidwa antchito amene kunalibe, ndipo makuponi a feteleza ankalembedwa m'maina a midzi imene sinakhaleko. Pamene palibe chizindikiro, wakuba ndiye amanenepa.

Ndi chifukwa chake Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la kalembera wa anthu la m'chaka cha 2010, limene linayamba kugwira ntchito mu 2015. Pa 24 May 2017 bungwe la National Registration Bureau, mothandizidwa ndi UNDP ndi maiko ena, linayamba kalembera wamkulu m'dziko lonse, ndipo pofika mu November chaka chomwecho anthu oposa 9 miliyoni a zaka 16 ndi kuposerapo anali atalembedwa. Aliyense anajambulidwa nkhope, nadindidwa zala, napatsidwa nambala yakeyake. Wina akhoza kufunsa kuti kodi si zomwe zija za Wenela? Kusiyana kwake ndi uku: nambala ya Wenela inkasungira mgodi wantchito wake, koma nambala iyi imasungira munthu dzina lake, kuti wina aliyense asalandire, asavote kapena kukongola m'dzina la mnzake. Chiphaso chimenechi sichinena chipani cha munthu, sichinena ngati walipira msonkho, ndipo sichimuikira malire a kumene angapite, pakuti gawo 39 la Malamulo Aakulu a dziko lino limapatsa munthu aliyense ufulu woyenda ndi kukhala kulikonse m'Malawi.

Kuchokera nthawi imeneyo ntchito za chiphasochi zakhala zikuchuluka. Mu 2018 bungwe la MACRA linalamula kuti nambala zonse za foni zilembetsedwe, ndipo chaka chomwecho kalembera wa mavoti a chisankho cha pa 21 May 2019 anayendera chiphaso chomwechi. Pamene ndondomeko ya feteleza ndi mbeu zotsika mtengo ya AIP inayamba mu 2020, mlimi ankagula poonetsa chiphaso chake m'malo mwa kuponi. Pa chisankho cha pa 16 September 2025, lamulo linafuna kuti wolembetsa kuvota akhale wolembedwa kale m'kaundula wa unzika. Mabanki amachifuna, a Immigration amachifuna munthu akamapempha pasipoti, olemba ntchito amachifunanso.

Mu Mzuzu nkhani imeneyi ili ndi kulemera kwake kwapadera. Mzinda uno unayamba m'zaka za m'ma 1940 ngati munda wa mitengo ya tung, unakhala mzinda mu 1985, ndipo pa kalembera wa 2018 unapezeka ndi anthu oposa 220,000. Pafupifupi banja lililonse linachokera kwina. Mu msika mumamveka Chitumbuka, Chitonga, Chinkhonde, Chilambya, Chichewa ndi Chiswahili. Malire amene atsamunda analemba anadula mitundu pakati, kotero kuti Atumbuka ali ku Rumphi ndiponso ku Lundazi m'dziko la Zambia, ndipo maina a ku Karonga amamvekanso kutsidya kwa mtsinje wa Songwe. Kale mai wa ku Kaporo wogulitsa zitenje pa msika wa Taifa ankatha kunenedwa kuti ndi wa ku Tanzania chifukwa cha dzina lake ndi kayankhulidwe kake, ndipo analibe chomuikira kumbuyo. Lero amatulutsa chiphaso, nkhani nithera pomwepo. Lilime si umboni wa unzika, ndipo khungu kapena dzina si umboni. Wofuna kudziwa kuwawa kwa kusowa chiphaso afunse adzukulu a machona a ku Zimbabwe, amene lamulo la unzika la dziko limenelo litasinthidwa mu 2001 anapezeka kuti ndi alendo m'dziko limene anabadwira, pamene kuno kwao analibe pepala lowadziwitsa.

Zipata za apolisi pa mseu wa M1 zili ndi chifukwa chake. Mseu umenewu ndi njira ya anthu ozembetsa anzao kuchokera ku maiko a kumpoto kupita ku South Africa. Mu October 2022, m'nkhalango ya Mtangatanga m'boma la Mzimba, munapezeka mitembo yoposa 25 ya anyamata amene ankaganiziridwa kuti anali a ku Ethiopia. Anali ana a anthu, okhala ndi amai ao, ndipo anakwiriridwa opanda maina. Wapolisi woimitsa galimoto nafunsa kuti muli yani akugwira ntchito yoteteza moyo, ndipo woyenda ulendo wautali amadzichitira yekha chifundo akanyamula chiphaso chake. Chakudza sichiimba ng'oma: ngozi ikachitika pa Chikangawa kapena pa Chiweta, chiphaso cha m'thumba ndicho chimauza achipatala dzina la wovulala, kuti abale ake adziwitsidwe msanga.

Popeza chiphaso ndi cha mwini wake, pali zinthu zimene mwiniyo sayenera kuchita nacho. Choyamba, asachipereke chikole kwa wakatapila. Mchitidwe umenewu ulipo m'makomboni, ndipo munthu amene chiphaso chake chili m'bokosi la wina sangathe kutapa ndalama zake ku banki kapena kulandira thandizo limene lili m'dzina lake kufikira ngongole itatha, pamene ngongole ya katapila siitha msanga. Chachiwiri, asachigulitse kapena kuchibwereketsa kwa mavenda a feteleza. Ndalama za venda zimatha sabata imodzi, koma munda wopanda feteleza umalanga banja chaka chathunthu. Chachitatu, asalole kulembetsa nambala ya foni ya munthu wina m'dzina lake, pakuti nambalayo ikagwiritsidwa ntchito pobera anthu, apolisi adzagogoda pa khomo la mwini chiphaso. Chachinai, asapereke chiphaso kapena nambala yake kwa anthu oyenda khomo ndi khomo nthawi ya chisankho, olonjeza chimanga kapena ngongole, kaya avala nsalu ya chipani chiti. Wotolera ziphaso za anthu safunira anthuwo zabwino.

Ofunsa chiphaso naonso ali ndi udindo wao. Wapolisi, kalaliki wa ku banki ndi mlonda wa pa chipata akumbukire kuti waima pamaso pao ndi nzika, osati wogwidwa. Apereke moni, anene chifukwa chimene akufunsira, ayang'ane chiphasocho, ndipo achibweze m'manja mwa mwini wake. Amene sali mu yunifolomu ayambe iye kudzidziwitsa asanafunse mnzake. Gogo afunsidwe monga gogo, m'chiyankhulo chimene akumva. Munthu woiwala chiphaso kunyumba si wakuba, ndipo kuiwalako kusakhale mpata wopempherapo ya fanta. Wodwala wofika pa chipatala athandizidwe poyamba, za mapepala zibwere pambuyo. Tsiku limene chiphaso cha unzika chidzasanduke chobwezera anthu pa khomo la msika kapena la chipatala, dziko lidzakhala litabwerera kumene linachoka mu 1993.

Boma nalonso liyenera kukwaniritsa mbali yake. Si chilungamo kufuna chiphaso kwa munthu amene analembetsa koma chiphaso chake sichinatuluke. Madandaulo a kuchedwa kwa ziphaso akhala akumveka m'maboma ambiri, ndipo wokhala kutali ndi ofesi amataya ndalama za ulendo kangapo asanachilandire. Pamene lamulo lamangirira voti, banki ndi feteleza pa chiphaso chimodzi, kuchedwa kwa chiphasocho ndi kumana munthu ufulu wake. Makhansala ndi aphungu a mzinda uno asatope kuikumbutsa nkhani imeneyi kwa oyenera.

Pomaliza, makolo akumbukire ana. Gawo 23 la Malamulo Aakulu limanena kuti mwana aliyense ali ndi ufulu wokhala ndi dzina ndi unzika. Mwana akabadwa, kaya ku Mzuzu Central, ku St John's kapena ku Mapale, alembetsedwe kuti alandire chiphaso cha kubadwa. Akakwanitsa zaka 16 aperekezedwe kukalembetsa chiphaso cha unzika, osadikira chisankho kapena tsiku lofunsira ntchito. Amene chiphaso chake chatayika akanene ku polisi, natenge kalata ya kumeneko kupita nayo ku ofesi ya kalembera. Aliyense ayang'anenso tsiku lothera ntchito limene linalembedwa pa chiphaso chake, ndipo wosadziwa kuwerenga afunse mdzukulu, pakuti safunsa anadya phula. Mafumu a m'madera ndi atsogoleri a mipingo anyamule uthenga umenewu kupita nao ku Zolozolo, ku Masasa, ku Katawa, ku Ching'ambo ndi ku Salisbury Line, kuti pasapezeke nkhalamba, wamasiye kapena wolumala wotsalira.

Makolo a anthu a mzinda uno ananyamula zitupa za eni ake mwamantha. Ana ao anyamule chiphaso chao mosaopa, achisunge pouma, achionetse kwa woyenera, ndipo asachisiye m'manja mwa wina aliyense.