Mkonono wodukiza: matenda amene mwini wake sawamva

Mawu olankhulidwa pa msonkhano wa komiti ya chitukuko cha m'dera



Nkhani ya lero ndi mkonono. Ambiri amauyesa chizindikiro cha munthu wotopa amene wagona tulo tofa nato, ndipo mkonono wamba nthawi zambiri ulibe choopsa. Koma ulipo wina wodukiza: munthu aliza mkonono, kenaka zii, chifuwa chikukoka koma mpweya osalowa, mpaka adzidzimuka ngati watsamwa. Madokotala amawatcha matendawa sleep apnea. Kupuma kukaima masekondi 10 kapena kuposerapo amawerenga kamodzi, ndipo kukamaima ka 30 pa ola limodzi ndiye kuti matendawo akula.

Munthu akakhala maso, minofu ya pakhosi imakhala yokungika ndipo njira ya mpweya imatseguka bwino. Akagona minofuyo imalefuka, lilime ndi mnofu wofewa wa kumwamba kwa m'kamwa zimagwera kumbuyo, njira n'kutsekeka. Okosijeni amachepa m'magazi, mpweya woipa umachuluka, ndipo ubongo umamudzutsa kuti khosi litseguke. Kudzukako n'kwa kanthawi kochepa kwambiri, moti kukacha sakumbukira kanthu.

Apa ndiye pagona vuto. Wodwala mphumu amadzimva yekha kuti akubanika, ndipo sachedwa kupita kuchipatala. Wa matendawa sadzimva. Masana amapuma bwinobwino, choncho mkazi wake akamuuza za usiku amati akumunamizira. Komanso m'khosi muli timitsempha timene timamva mpweya ukamadutsa, n'kuuza minofu kuti ikungike njira ikayamba kupanikizika. Akatswiri apeza kuti mwa odwala ambiri timitsempha timeneti timamva mochepa, ndipo akuganiza kuti kunjenjemera kwa mkonono wa zaka zambiri kumativulaza, monga manja a woswa miyala amachitira dzanzi. Khosi likamatsekeka, mlonda wake amakhala atagontha.

Ena owerengeka amadzuka ndithu akubanika, mtima ukugunda, n'kunena kuti wina amawakanyanga pakhosi. Kukacha chala chimaloza gogo wa pafupi. N'zomvetsa chisoni kuti nkhalamba inyozedwe chifukwa cha lilime la munthu wina.

Chimene thupi silimva usiku chimaonekera masana: mutu wopweteka m'mawa, m'kamwa mouma, kuiwalaiwala, kusinza pamsonkhano kapena m'tchalitchi ngakhale munthu anagona usiku wonse. Kwa woyendetsa minibasi, lole kapena njinga yamoto, kusinza kwa masekondi ochepa kungathe kuphetsa anthu. Matendawa amakwezanso BP, ndipo amawonjezera chiopsezo cha sitiroko ndi matenda a mtima.

Kunenepa, makamaka khosi likakula, ndi chimene chimawabweretsa kwambiri, ngakhale kuti oonda nawonso amadwala. Mowa wa madzulo ndi mankhwala ogonetsa zimalefula minofu ya pakhosi mowirikiza. Kuchepetsa thupi, kusiya fodya ndi kugona chammbali m'malo mwa chagada zimathandiza ambiri. Kwa odwala kwambiri pali makina a CPAP, amene Colin Sullivan wa ku Sydney adawayambitsa mu 1981. Amapopera mpweya m'mphuno usiku wonse kuti njira isatsekeke, koma ndi odula ndipo amafuna magetsi osazimazima. Mwana wolira mkonono usiku uliwonse, wogona kukamwa kuli yasa, kawirikawiri amakhala ndi zotupa pakhosi zimene madokotala amatha kuchotsa.

Popeza wodwalayo sadziwa zimene zimamuchitikira, mboni yake ndi amene amagona naye chipinda chimodzi. Ameneyo amvetsere, awerenge masekondi a zii uja, ndipo ngati ali ndi foni ajambule mawuwo. Tsiku lopita kuchipatala apite onse awiri, ndipo poyezetsa BP, wogona naye uja ndi amene afotokoze za usiku.