Aconcagua, Mlonda wa Mwala

Komiti inandipempha kuti ndiyankhule mwachidule za phiri lakutali lomwe ambirife tinaloweza dzina lake m'kalasi ya jogalafe, koma osafunsa kuti dzinalo likutanthauzanji. Phirili ndi Aconcagua, la m'chigawo cha Mendoza ku Argentina, kufupi ndi malire a Chile. Kutalika kwake ndi mamita 6,961, ndipo kunja kwa Asia kulibe phiri lolipambana. Sapitwa wathu wa ku Mulanje, wa mamita 3,002, ngakhale mutamusanjikiza kawiri sangafikepo.

Mabuku amati woyamba kufika pansonga pake anali Matthias Zurbriggen wa ku Switzerland, pa 14 Januwale 1897. Sindikutsutsa ayi. Koma dzinalo sanalipereke ndi iyeyo, ndiponso si la Chisipanishi. Ophunzira ambiri amati linachokera ku Chiquechua, chiyankhulo cha ufumu wa Ainca, m'mawu akuti Ackon Cahuak, kutanthauza "mlonda wa mwala". Ena amati ndi Anco Cahuac, "mlonda woyera", poona kuyera kwa chisanu chimene chimakuta phirilo. Aliponso amene amaloza chiyankhulo cha Amapuche a ku Chile, kumene kuli mtsinje wa dzina lomweli. Ine ndili kumbali ya mlonda, pa chifukwa ichi.

M'chaka cha 1985, anthu okwera mapiri anapeza mtembo wa kamnyamata ka zaka pafupifupi 7 m'mbali mwa phirili, pamtunda wa mamita 5,300. Kuzizira kunausunga osaola kwa zaka pafupifupi 500. Anali wokulungidwa m'nsalu, ndipo pambali pake panali tizifanizo ta golide, ta siliva ndi ta zigoba za m'nyanja zochokera kutali kumpoto, cha ku Ecuador. Mwanayu anaperekedwa nsembe pa mwambo wa Ainca wotchedwa capacocha. Ndi nkhani yomvetsa chisoni, makamaka kwa ife makolo. Komabe taganizani, anzanga: ansembe aja anakwera mamita oposa 5,000, kumene munthu amapuma movutikira, opanda nsapato ndi zingwe zamakono, kutatsala zaka pafupifupi 400 kuti Zurbriggen afike. Anthu oti anakapereka mwana kumeneko sakanalekerera phirilo kukhala lopanda dzina.

Ufumu wa Ainca unayamba kugwa mu 1532, pamene Francisco Pizarro anagwira mfumu Atahualpa, koma chiyankhulo chawo sichinafe. Anthu mamiliyoni angapo ku Peru, Bolivia ndi Ecuador akuchiyankhulabe, ndipo boma la Peru linachivomereza ngati chiyankhulo cha boma mu 1975. Ngakhale kwinini uja, amene ankatiwawira kukamwa tikadwala malungo kusukulu kuno, dzina lake amati linachokera ku kina, liwu la Chiquechua lotanthauza khungwa la mtengo.