Thanki Yokwiriridwa Siichoka ndi Pampu

Mawu amene mlangizi wa za usodzi analankhula ku Mpingu, m'boma la Lilongwe, kwa alimi a nsomba ndi nthumwi za makomiti a m'madoko



Lero sitikamba za maukonde kapena nyengo yotseka nyanja. Tikamba za madzi a pansi pa nthaka, amene timamwa m'zitsime ndi m'mijigo, amenenso amadzaza maiwe a nsomba m'madambo.

Pamalo ogulitsira petulo ndi dizilo, monga aja a m'mbali mwa msewu wa ku Mchinjiwu, mafuta amasungidwa m'mathanki okwiriridwa pansi. Bizinesi ikatha, eni ake amazula mapampu, koma nthawi zina thanki imatsala m'nthaka. Ikakhala yachitsulo imachita dzimbiri n'kubooka. Mafuta otsalira amalowerera mpaka kukayandama pamwamba pa madzi a pansi, ndipo madziwo akamayenda kulowera kumunsi amatenga poizoni.

Poizoni woopsa kwambiri m'petulo ndi benzene, amene amayambitsa khansa ya m'magazi. Madzi atha kuoneka oyera koma ali naye. Paja akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Izi zinachitikapo. Mu 1996 mzinda wa Santa Monica ku America unatseka mijigo imene inkapereka pafupifupi theka la madzi ake akumwa, chifukwa cha petulo wodontha m'mathanki a pansi. Ku Ogale, m'dziko la Nigeria, lipoti la bungwe la UNEP la 2011 linapeza benzene m'zitsime woposa mlingo wa WHO maulendo 900, pafupi ndi paipi ya mafuta.

Nanga akatswiri amadziwa bwanji kuti madzi aonongeka? Amakumba mijigo yoyezera. Iyi ndi mijigo yopapatiza, yopanda pampu. Amaikamo paipi ya pulasitiki yokhala ndi timing'alu pamene pamalekeza madzi, popeza mafuta amayandama. Kunja kwa paipiyo amathira mchenga, pamwamba pake dongo ndi simenti kuti madzi a mvula asalowe, kenaka amatseka ndi loko.

Mijigoyi imafunika itatu kapena kuposerapo. Umodzi umakhala kumtunda kwa thanki, kuti tidziwe mmene madzi alili asanafike pathankipo. Inayo imakhala kumunsi, pakati pa thanki ndi zitsime za anthu. Poyerekeza kuya kwa madzi m'mijigo itatuyi, amaona kumene madzi akulowera. Amatunganso madzi m'timabotolo n'kupita nawo ku labotale. Kuyeza kamodzi sikokwanira, chifukwa madzi amakwera m'dzinja ndipo amatsika m'chilimwe.

Tisaopsezane. Mitsinje ya kuno imathira mu Lilongwe, Lilongwe mu Linthipe, ndipo Linthipe amakathira m'nyanja ku Salima, koma benzene wa m'nthaka nthawi zambiri sapitirira mamita 150 kuchokera pathanki. Amene ali pachiopsezo ndi oyandikana nayo: chitsime cha pamsika, dimba ndi dziwe la m'dambo.

Inu a kunyanja, nkhaniyi ndi yanunso. Kwanuko ndi kumchenga ndipo madzi ali pafupi. Migolo ndi zigubu za mafuta a injini za maboti zikamadontha pamalo amodzi chaka ndi chaka, chitsime cha padoko sichingapulumuke.

Tsono makomiti tichite izi:

1. Tifunse akuluakulu a m'mudzi malo onse pamene kale pankagulitsidwa kapena kusungidwa mafuta, ndipo tiwalembe m'buku la komiti.
2. Tisakumbe chitsime kapena dziwe kumunsi kwa malo otere madzi asanayezedwe.
3. Madzi akamanunkha petulo kapena kuoneka mafuta pamwamba, tileke kumwa. Kuthira kolorini sikuchotsa mafuta.
4. Tikanene ku ofesi ya za madzi ndi ya za chilengedwe kwa DC. Iwo angathe kudziwitsa mabungwe a MERA, oyang'anira malo ogulitsira mafuta, ndi MEPA, oteteza chilengedwe.
5. Mijigo yoyezera ikakumbidwa tiiteteze. Ana asaponyemo miyala, ndipo wina asathyole loko.
6. Padoko, mafuta tisunge pasimenti, pansi pa denga, kutali ndi chitsime.

Kukumba ndi kuyeza ndi ntchito ya akatswiri, koma amene amadziwa pamene panali pampu ndife eni dera. Tikapanda kuwalozera, adzakumba polakwika.