Njinga, msewu ndi voti yanu



Lero tikambirane za msewu wa N9, umene umacokera ku Tete nufika pano pa malire ndi Zambia, kenaka nupitirira ku Chanida ndi Katete. Mu msewu umenewu mumadutsa magalimoto akuluakulu a katundu, opita ndi kucokera ku doko la Beira. Mu msewu womwewu mumayendanso inu pa njinga, mutamanga thumba la cimanga lopita kucigayo, makala, kapena mutakweza wodwala wopita kucipatala.

Magalimoto akaima m'mbali kudikira mapepala a pamalire, wanjinga amasowa podutsa. Amakakamizika kulowa pakati pa msewu, ndipo ngozi imayambira pamenepo. Lipoti la bungwe la za umoyo la WHO la caka ca 2023 linati anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pa ngozi zamsewu caka ciliconse pa dziko lapansi. Oposa theka la iwowa ndi oyenda pansi, okwera njinga zakapalasa ndi a njinga zamoto.

Mankhwala ake ndi njira ya njinga yotetezedwa. Mzere wa penti sungaletse galimoto kulowa kapena kuima. Cofunika ndi kanjira kapadera pambali pa msewu, kolekanitsidwa ndi mpanda waufupi wa simenti kapena ngalande, pamodzi ndi malo akeake oimikapo magalimoto. Izi si maloto. Ku Quelimane, kumene anthu ambiri amayenda pa njinga za taxi, mzinda unapatula njira za njinga.

Nanga zikukhudzana bwanji ndi voti? N9 ndi msewu wa dziko lonse, ndipo umayang'aniridwa ndi Administração Nacional de Estradas, ANE. Ndalama za boma zimavomerezedwa ndi aphungu a Assembleia da República amene inu mumasankha. Kuyambira 2009 timasankhanso Assembleia Provincial, ndipo kuyambira 2019 bwanamkubwa wa Tete amacokera m'voti yomweyo. Chifunde alibe munisipiyu, conco mawu anu amamveka kudzera m'masankho amenewa ndi m'Conselho Consultivo ya kwanu.

Masankho a dziko lonse amacitika pa zaka 5 zilizonse. A 2024 anacitika pa 9 Okutobala. Musadikire nthawi ya kampeni. Amene anasankhidwa afunseni tsopano, ndipo ofuna voti yanu mudzawafunsenso mafunso awa:

Kodi pokonza msewu, wanjinga ndi woyenda pansi mudzawapatsa njira yawoyawo?

Kodi magalimoto odikira pamalire adzaima kuti?

Kodi ndalama zake zidzacokera kuti, ndipo nchito idzatha caka canji?

Funsani zipani zonse mofanana. Mvetserani amene akuyankha momveka, osati amene akugawa nsalu ndi zipewa. Nsalu imang'ambika, koma msewu womangidwa molakwika mudzakhala nawo zaka zambiri.

Kalembera akayamba, aliyense wa zaka 18 kapena kuposa apite ku malo a STAE akatenge khadi lake lovotera. Lisungeni bwino, musalipereke kwa wina aliyense. Voti yanu ndi yacinsinsi. Mfumu, bwana kapena mwamuna wanu sangadziwe amene mwasankha.

Mwana wosalira amafera m'mbereko. Lankhulani pa misonkhano, lembetsani, ndipo tsiku likafika, kavoteni.